Uwerenga Mawa, Njiwa Yanga

Ajira ndi Bonface adakumana pa depoti ya Mangochi mvula itawatsekereza pakhonde la golosale. Onse anali a Folomu 4, koma sukulu zosiyana. Ajira ankaphunzira kwawo ku Lungwena, pomwe Bonface ankakhala ku Nkopola ndi achemwali ake, a Lusiya, omwe ankalandira alendo pa loji ina.

"Mvulayi yandikomera mtima," adatero Bonface. "Ikadapanda kugwa, dzina lanu ndikadalidziwira kuti?"

"Ndani wati ndikuuzani?" adayankha Ajira. Pakamwa pankakana, koma chala chinali chikulemba kale nambala!

Kuonana kunali kovuta. Pakati pawo panali nyanja, ndipo bambo ake a Ajira, a Swadick, sankafuna kumva za mnyamata. Choncho chikondi chonse chidasamukira m'foni.

A Swadick anali atanena kale mosapsatira mawu: "Folomu 4 ukubwerezayi ndi yomaliza. Ukalephera, maloto ako a unamwinowo uwaiwale. Uzikayanika usipa pathandala ndi amayi ako."

Ajira adalumbira kuti awerenga. Ankatseguladi buku la Bayoloji, koma asanamalize ndime, foni ija njenjenje!

"Wadzuka bwanji, njiwa yanga?"

"Ndimuyankhe kamodzi kokha," ankadziuza choncho. Kamodziko kankafika dzuwa litapendeka, buku lidakali patsamba lomwe lija.

Kutatsala miyezi itatu kuti mayeso ayambe, kudabwera uthenga wina.

"Usamandiimbirenso, wamtima wanga. Achemwali akuti akandimvanso ndikuyankhula pafoni andilanda. Tizingolemberana."

Kuchokera pamenepo mauthenga adachita kuwirikiza kukoma. Mmawa, masana, madzulo, yankho silinkachedwa. Ndi mtsikana uti akadaika foni pansi?

Koma mtima wa Ajira sunali m'malo. Aphunzitsi akangotchula mayeso, mutu unkamuwawa, chakudya osalowa. Mantha akamugwira ankathawira m'foni, akatulukamo n'kupeza mantha aja atakula. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma womukumbutsa mwambiwo panalibe.

Tsiku lina adalimba mtima.

"Bon, ndikuopa. Sindinawerenge chilichonse. Bwanji tisiye kaye kuchezaku?"

"Ukandisiya tsiku limodzi ndidwala ine. Nzeru uli nazo kale. Uwerenga mawa, njiwa yanga. Tikakhoza ndidzakutenga, ndalonjeza."

Ajira adapsompsona foni, n'kutseka buku.

Zotsatira zitatuluka, dzina lake panalibe. Bonface adakhoza bwino zedi. A Swadick sadakalipe, adangoloza kuthandala ndi ndodo yawo, n'kulowa m'nyumba.

Mawa lake Ajira adanamiza amayi ake kuti akupita kuchipatala, n'kukwera galimoto mpaka ku Nkopola. Ankangofuna kulirira paphewa la munthu amene adamulonjeza zonse.

Ataima pakhomo pa loji ija adalemba: "Ndikukufuna, Bon. Ndasweka mtima."

Patebulo lolandirira alendo foni idalira. Ajira adaizindikira ndi galasi lake long'aluka pakona. Mayi amene adakhala pamenepo adaitola, n'kulemba mwachangu uku akutafuna chingamu. Nthawi yomweyo ya Ajira idanjenjemera.

"Usalire, njiwa yanga. Ndili nawe."

Ajira adalowa, n'kuima patsogolo pa mayi uja.

"Achemwali," adatero, "foni ya Bonface ikutani m'manja mwanu?"

A Lusiya adadzutsa mutu, chingamu chidaima m'kamwa.

"Ndiwe Ajira? Mayo ine! Khala pansi, mlamu."

"Ndayamba liti kucheza ndi inu?"

"Mayeso atayandikira. Anandipatsa yekha, akuti ikumusokoneza kuwerenga. Anati ndizikuyankha kuti usadandaule. Pano alendo ndi ochepa, netiweki ndi yaulere, ndiye ndinkangotayirapo nthawi. Sindinkadziwa kuti zifika apa."

"Ndinakupemphani kuti tisiye kaye! Munandiuza kuti ndiwerenga mawa!"



Posakhalitsa Bonface adatulukira atanyamula chakudya cha achemwali ake. Ataona Ajira adaika chakudyacho patebulo.

"Ajira, ndimvere kaye. Ndinkafuna kukhoza, komanso sindinkafuna kukutaya. Ndinkaganiza kuti nawenso ukuwerenga."

"Ndiwerenga nthawi yanji, ndikuyankha iwe? Unadziwa kuti foni ndi moto, iwe n'kuthawa, ine n'kundisiya momwemo!"

"Udzalembanso chaka chamawa, njiwa yanga."

"Usanditchule dzina limenelo! Walahi, sindikudziwanso kuti mwini wake ndani."

Adatuluka misozi ili chuchuchu. Adalirira Bonface, adalirira unamwino, koma chomwe chidamupweteka koposa n'chakuti buku lija palibe adamutsekera. Ankatseka yekha.

Lero Ajira amalawirira kuthandala ndi amayi ake. Bonface adapita ku koleji. Tsiku lina akutembenuza usipa, dzuwa likuswa mtengo, foni idanjenjemera m'chitenje. Unali uthenga wochokera ku nambala ija.

"Pano ndine ndekha, ndikulumbira. Ndakusowa."

Ndani akadamutsimikizira? Mawu ake anali omwe aja, kukoma kwake komwe kuja.

"Iwe Ajira, akhwangwala akutha nsomba uko!" adakuwa amayi ake.

"Ndikubwera, amama. Kamodzi kokha."

Adapukuta mamba a usipa pachitenje, n'kuyamba kuyankha.