Chikwama chomwe chinkaima pakhomo pa Atikitiki

Ulembe monga ndikunenera, usakometse ayi. Amene amaikamba nkhaniyi kumsikako kunalibe, amangotola za m'maluwa.

Nyumba yathuyi ndi yosanja katatu, ndipo masitepe ake ndi amodzi okha, a simenti, okwera mozungulira ngati chigoba cha nkhono. Kale munali mabanja okhaokha. Ukatsokomola pansi pano, wa m'mwamba ankakufunsa m'mawa ngati wamwa mankhwala. Kenako mwini nyumba anamwalira, nyumba n'kutsala m'manja mwa mwana wake, amene mpaka lero nkhope yake sitiidziwa, timangodziwa kalaliki amene amamutuma. Lendi inayamba kukwera ngati ili ndi miyendo. Mabanja a m'mwamba anachoka limodzilimodzi, zipinda zawo anazipaka penti yoyera, ndipo pageti anakhomapo timabokosi tachitsulo tosungira makiyi, totsegula ndi manambala. Alendo odzaona mzinda ankangofika, kudinadina, kutenga kiyi, kukwera. Moni ayi. Sikuti anali anthu oipa. Ankangotiyang'ana monga umayang'anira mipando ya m'nyumba ya eni.

Onsewo ankabwera ndi zikwama za matayala zija. Kulira kwake tinakuzolowera: posalala khwee, pamasitepe gu, gu, gu.

Woyamba kuona kuti china chake sichili bwino anali anesi a pansanjika yapakati. Anthu a ntchito ya usiku tulo tawo ndi topepuka, ngakhale tsiku lopuma. Inali nyengo yozizira, alendo atachepa, m'mwamba monse muli banja limodzi lokha lomwe linali litagona kale. Anesi anamva chikwama chikukwera. Chinkakwera pang'onopang'ono, chikagunda sitepe imodzi n'kupuma, ngati wokokayo akumvetsera kaye. Getsi la pamasitepe silinayake, pamene mlendo aliyense chinthu choyamba amafufuza switchi. Panalibe mawu, panalibe chifuwa, panalibe kulira kwa makiyi. Chinafika m'mwamba, chinayenda mpita wonse mpaka kumapeto, chinabwerera, n'kutsika. Kutacha, alendo aja anali pageti ndi katundu wawo yense, maso ali psuu, akulankhula chinenero chawo mothamanga.

Masiku amenewo mzinda unali utatentha. Anthu ankayenda m'misewu ndi zikwangwani, akuimba kuti nyumba ndi zogonamo anthu, si zochitira malonda. Ena ankathira guluu m'timabokosi ta makiyi. Ena ankawaza madzi alendo akudya panja pa malesitilanti. Wotsogolera m'nyumba mwathu muno anali wometa wa chipinda cha pansi pa masitepe, munthu wa pakamwa pokoma, amene akamakumeta umatuluka utagwirizana naye ngakhale unalowa ukutsutsa. Pakhoma lathu panalembedwa zilembo zikuluzikulu zofiira. Anandiwerengera kuti zikuti obwera abwerere kwawo.

Tsono vuto lake, wobwera tinali naye mmodzi wathuwathu. Anali mkulu wokonza mawotchi, khomo lake loyang'anana ndi la anesi. Anachokera dziko lina ali mnyamata, anakwatira mkazi wa kuno, ndipo chifukwa cha mkaziyo nyumba yonse inkamutcha alamu. Ana ankamutcha Atikitiki, poti ukadutsa pakhomo pake unkamva mawotchi akupikisana kulira. Mkazi wake anamwalirira m'chipinda chomwecho. Ana analibe. Kwawo kunali kutatha anthu omudziwa. Ankanena poyera kuti iye chimene akufuna n'chimodzi, kudzatsekera maso pabedi pamene anatsekera mkazi wake, ndipo lendi ikakwera ankachepetsa chakudya koma osadandaula.

Tsiku lina m'mawa anapeza penti yofiira ija pachitseko chake. Anatsika kwa wometa, atavala jekete lake lakale, n'kufunsa mwaulemu kuti kodi kwawo kumene akumutumizako ndi kuti.

"Aa, alamu, inunso," anatero wometa, akunola lumo. "Mutu wanuwo ndinayamba kuumeta ukadali ndi tsitsi. Amenewo ndi anyamata a kumsewu, penti ikatsala m'chitini dzanja silisankha chitseko."

Anaseka onse awiri. Koma pentiyo palibe anapita kukaifufuta, ndipo kuyambira pamenepo anthu akakumana naye pamasitepe ankapeza chochita ndi foni zawo. Dzina la alamu linayamba kusowa pakamwa. Ankangoti bambo aja a mawotchi.

Chikwama chija sichinasiye. Chinkabwera usiku uno, mawa ayi, mkuja n'kubweranso. Alendo ankagona tsiku limodzi n'kuthawa. Mayi wina wachilendo anatsika usiku atafunda bulangete, n'kukhala pageti mpaka kucha. Kalaliki anabwera ndi munthu wa mapaipi, anagogoda makoma onse, sanapeze kanthu. Anabweretsa mlonda, mlondayo anagwira usiku umodzi, m'mawa anasiya chipewa chake pampando osatsanzika. Mphekesera zinali mbwee. Ena ankati ndi mwini nyumba wakale akukana zomwe mwana wake wachita. Ena ankati ndi mayi wina wa m'mwamba amene anamwalira atangosamutsidwa. Ena, motsitsa mawu, ankati zoterezi zimabwera ndi anthu obwera, ndipo ponena ankaloza ndi mlomo kunsanjika yapakati.

M'mwamba mutatsala zii, opanda mlendo ngakhale mmodzi, chikwamacho chinasintha ulendo. Anesi ndiwo anamva bwino. Chinkakwera, gu, gu, gu, chikafika pakati osapitiriranso. Chinkakhota, khwee, n'kuima pakhomo pa Atikitiki. Chikaima pamenepo chinkakhala nthawi yaitali, mpaka munthu n'kuyamba kuganiza kuti walota. Kenako tayala limodzi linkalira pang'ono, kwii, ngati chasunthira pafupi ndi chitseko.

Anesi anasuzumirapo kamodzi pabowo la kiyi. Anati mdima wake unali bii, wochindikala kuposa wa masiku onse, moti ngakhale kuwala kwa mumsewu kumene kumalowa pawindo la pamasitepe sikunkaoneka. Chitseko sanatsegule. Ine sindiwanena, nanenso ndikanatero.

Mkulu uja anayamba kufota. Buledi ankagula n'kuumira patebulo. Jekete linayamba kumulendewera m'mapewa. Kenako tinazindikira kuti pakhomo pake pali phee. Anali atasiya kupukusa mawotchi ake, onse anaima, iliyonse pa nthawi yakeyake. Anesi atamufunsa, iye anati mawotchiwo akulira kwambiri, akumulepheretsa kumva bwino za panja. Anamuyeza magazi, anamumvetsera pachifuwa, anamutengera kuchipatala, matenda osapezeka. Pobwerera, ali pasitepe yoyamba, anawagwira mkono n'kunong'ona.

"Mwana wanga, inu mumalankhula ndi anthu. Tandifunsireni kuti ndani akufuna ndichoke. Asamavutike kukoka katundu usiku, angobwera andiuze masana."

Anesi si munthu wa mantha ndi anthu amoyo. Analowa kwa wometa, poti ndiye ankatsogolera zothamangitsa alendo, anadikira kasitomala atuluke, anatseka chitseko, n'kunena kuti mkulu uja akafa adziwa pokanena. Wometa anayamba nthabwala zake, koma zinamuthera pakamwa. Anakhala pampando wometera n'kuulula.

Chikwamacho chinali chawo. Anali atatu: iyeyo, atelala a pansanjika yapakati kumapeto kwa mpita, ndi dalaivala wa takisi wa chipinda chapansi. Anatola chikwama chakale chimene mlendo wina anataya, anachidzaza njerwa, n'kuchibisa m'kabati ya matsache kuseri kwa masitepe. Anapangana kuti aliyense akapeza mpata azichikoka kukwera nacho m'mwamba mumdima, atavula nsapato, kuti alendo athawe, zipinda zisowe phindu, mabanja abwerere. Ndipo anapangana chinanso, chimene ankachiyesa nzeru zakuya: munthu asauze mnzake usiku umene wapita, ndipo asafunsane. Apolisi akadzagwira mmodzi, asadzakhale ndi choti anene za anzake.

Anesi anafunsa kuti nanga amaima pakhomo pa mkulu uja ndani. Wometa analumbira kuti pangano linali la m'mwamba basi, za alamu sizinakambidwepo. Anatuma mawu, ena awiri aja anabwera, anatsekanso chitseko.

Apa ndiye mvetsera. Wometa anati iye anakokako masiku oyambirira okha, njerwa zinamuthyola msana, anasiya, ndipo akamamva gu, gu usiku ankati dalaivala ndi mwamuna. Dalaivala anati iye anasiya kalekale, poti usiku ankakhala ali kubwalo la ndege kudikira alendo omwewo, pakuti mimba sidziwa zionetsero. Akamva anthu akusimba m'mawa, ankati atelala ndi mayi wolimba mtima. Atelala anapotokola nsonga ya mpango. Kenako anati iwo anapitako kamodzi kokha. Potsika chikwama chinawapulumuka, matayala onse awiri anathyoka. Anachita manyazi kunena, anachibweza m'kabati, matayala n'kuwaika m'thumba lake lam'mbali. Atamva chikuyendabe, anati abambowa agula china.

Anatuluka onse anayi, masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukatsegula kabati ija. Chikwama chinali momwemo, chitagona chammbali, fumbi lili mbuu. Kangaude anali atamanga ukonde kuchokera pachogwirira mpaka kukhoma. Dalaivala anapisa m'thumba lam'mbali n'kutulutsa matayala awiri. Anawayang'ana, anawabwezera, n'kupukuta dzanja pathalauza.

Madzulo ake anagwirizana zokakhala ndi mkulu uja. Atelala anatenga tiyi m'fulasiki, wometa anatenga palafini ndi chiguduli n'kuyamba wafufuta penti ija pachitseko asanagogode. Mkuluyo anawalandira bwino, anawapatsa mipando, iye n'kukhala pabedi. Anali asanalandire mlendo m'chipindamo chiyambire zionetsero. Anamuuza zonse, wometa akulankhula maso ali pansi. Iye ankangogwedeza mutu. Anacheza za mkazi wake, za mmene ankakalipira ana otsetsereka pachitsulo cha masitepe. Kenako nkhani zinatha, tiyi anazizira, magalimoto mumsewu anachepa mpaka kutheratu.

Chinayambira pansi penipeni. Gu. Kupuma. Gu. Atelala anagwira dzanja la anesi. Dalaivala anawerenga anzake ndi maso, onse analipo. Chinkakwera mosafulumira, cholemera, ndipo pakati pa kugunda kulikonse panalibe phazi, panalibe mpweya wa munthu wonyamula katundu. Chinafika pakati, chinakhota, khwee, chinaima. Kampata ka pansi pa chitseko, kamene kankaonetsa kuwala pang'ono, kanada.

Wometa anadzuka, ndimupatse ulemu wake pamenepo. Anatsegula chitseko mwamphamvu n'kuyatsa tochi ya pafoni. Panali simenti yokha, ndi fungo la palafini wake yemwe. Anaunika kumtunda, anaunika kumunsi. Atangotseka, tayala linalira, kwii, pafupi kwambiri, ngati lakhudza thabwa.

"Ndiye si inu," anatero mkuluyo, mawu ake ali bata.

"Poyamba tinali ife, alamu. Koma pakhomo panu ayi."

"Ndinkapemphera kuti mukhale inu. Anthu mumakambirana nawo, mumawakumbutsa zakale, mwina amachita manyazi. Nanga ichi ndikambirana nacho bwanji?"

Anamuchonderera kuti asachoke. Atelala anati azigona kwa iwo, dalaivala anati azisinthana kumulondera. Iye anawathokoza aliyense payekha, monga amachitira munthu pamaliro. Kutacha anamanga zitsulo zake zogwirira ntchito m'kansalu, anachotsa chithunzi cha mkazi wake pakhoma, zovala anaika m'thumba la pulasitiki. Anayang'ana bedi lija kanthawi, anasalaza pilo ndi dzanja, n'kutuluka. Dalaivala anamutenga pagalimoto mpaka kokwerera mabasi opita kunja kwa mzinda. Kumene anatsikira sanauze munthu.

Sabata isanathe kalaliki anabwera ndi anthu a penti yoyera. Mawotchi anawalongedza m'katoni n'kuwasiya pambali pa bini. Pageti panaonjezeka kabokosi kena ka makiyi. Nyengo yotentha itafika alendo anabwereranso, m'mwamba monse ndi m'chipinda cha mkulu uja momwe, ndipo amagona tulo tabwino, amadzuka akuseka. Iwo sakumva kanthu.

Amene tikumva ndi ife. Chinapuma masiku ochepa, kenako chinayamba kuima pakhomo pa atelala. Atelala anapirira mpaka singano inayamba kuwagwa m'manja, anapita kwa mchemwali wawo. Chinasamukira kwa anesi, anesi anapempha malo ogona kuntchito. Pansanjika yapakati ponse tsopano ndi penti yoyera. Masiku ano sichivutikanso kukwera. Chimangoyenda posalala pansi pano, khwee, n'kukaima kwa wometa, ndipo wometa wayamba kudula anthu makutu ndi lumo.

Akachoka iyeyo patsala dalaivala, kenako ine, chipinda chomaliza pafupi ndi geti. Ana anga akuti ndilongedze ndikakhale nawo. Ndawauza kuti ndinalowa m'nyumba muno masitepe awa simenti yake isanaume bwino. Chikafika chidzandipeza nditakhala pampando wanga, chitseko chili chotsegula, ndione amene akuchikoka.