Mluzu wa Kapirikitsi

Mphaka Phulusa atangoponda boneti ya galimoto, kadiso kofiira kanaphethira pakhoma. Khutu la munthu silinamve kanthu, koma mphakayo anadumpha ngati waponda khala la moto, nakabisala kuseri kwa thanki ya madzi.

"Waona?" a Mtambalika anauza mwana wawo Tiyanjane akumwetulira. "Nkhani yatha basi."

Zaka zimenezo magalimoto a ku Zomba anali ataleka kale kumwa mafuta. Ankadya dzuwa kudzera pa khungu lakuda lopyapyala lokuta denga ndi boneti. Khungulo linkafunda bwino, ndipo Phulusa ankakonda kugonapo. Zikhadabo zake zinalikanda mpaka galimoto inayamba kuwathimira a Mtambalika panjira popita kuntchito.

Anayesa kuikapo makoko a malalanje, anayesa kumuwaza madzi, koma zonse zinakanika. Kumutaya sakanatha, poti anali wa mwana wawo Tiyanjane, amene anabwerera pakhomo ndi khanda lake banja litatha. Choncho a Mtambalika anagula Kapirikitsi, kabokosi kokhala ndi diso komanso nzeru zophunzira kokha. Kakaona chamiyendo inayi chikuyandikira galimoto, kankachilasa m'makutu ndi mluzu woonda kwambiri.

"Adadi, ndiye sakumva kuwawa?" anafunsa Tiyanjane.

"Kamangomudzidzimutsa. Akazolowera, kamawonjezera mphamvu kokha mpaka amve."

Phulusa anali wamakani. Ankabwererabe, Kapirikitsi nako nkumakweza mluzu. Patapita milungu ingapo mphakayo anayamba kuyenda modzandira, mutu utapendekeka. A Mtambalika anaziona, koma atayang'ana mmene galimoto yawo inkanyezimirira, anangokasiya kabokosiko pakhoma.

Loweruka lina masana Tiyanjane anapita kuseri kukayanika zovala, nawasiyira bambo ake mwana wake Nthanda pakhonde. Nthanda anali atangoyamba kukwawa kumene. Lamya italira m'nyumba, a Mtambalika analowa kukayankha. Mwanayo anatsika pakhonde ndi manja ndi maondo, kulondola mthunzi wa galimoto.

Kadiso kanaphethira.

Kulira kumene a Mtambalika anamva kunali kwachilendo, kong'amba pakhosi. Anataya lamya nathamanga. Pomunyamula anaona timagazi tikutsika m'makutu onse awiri.

"Mwamutani mwana wanga?" anakuwa Tiyanjane, zovala zonyowa zili m'manja.

"Sindinamukhudze ine. Ndi makinawa, amuyesa mphaka."

Kuchipatala, dokotala wamkazi anayang'ana nthawi yaitali chithunzi cha mkati mwa mutu wa Nthanda, kenaka anachizimitsa.

"Mtima timasintha, maso timaikamo atsopano," anatero motsitsa mawu. "Koma mitsempha ya makutu a khanda ikapsa chonchi, njira sitinaipezebe. Pepani, agogo."

Atafika kunyumba, a Mtambalika anatenga hamala naphwanya kabokosiko mpaka manja anatupa. Tiyanjane anawadutsa mwana ali kumsana, osawayang'ana. Kuyambira tsiku limenelo ankawayankha ndi mutu wokha.

M'mawa uliwonse iwo ankaima kumbuyo kwa mdzukulu wawo nkuitana pang'onopang'ono, "Nthanda. Nthanda iwe." Mwanayo ankangopitiriza kuseweretsa zala zake, osacheuka.

Ankalakalaka atapeza wina womukwiyira, wogulitsa kaya wopanga. Koma mumtima ankadziwa kuti makina aja sanaphonye lamulo lililonse: anachita ndendende zimene iwo eni anawatuma.