Amake Ezekiel pa Intercity

Basi yochokera kum'mawa italowa pa siteshoni ya Intercity, Towela anali atatopa ndi fungo la utsi lochokera m'zovala za mayi amene anakhala naye mpando umodzi. Anatsika msanga n'kuyamba kudzisansa fumbi nkhope ili yokwinya.

Towela anali m'chaka chachisanu cha maphunziro a udokotala. Sukulu inamutumiza kukaphunzira ntchito pa kachipatala ka kumudzi, kutali ndi kwawo m'tauni ku Kabulonga, ndipo iye ankangoona ngati chilango. Ankadana ndi madzi a pamjigo, magetsi ozimazima, komanso odwala obwera ndi mphini thupi lonse atataya kale nthawi kwa asing'anga. Akaweruka ankatumizira anzake mauthenga pafoni, kuseka anthu a kumeneko.

M'mawa wa Lachisanu limenelo, akunyamuka kuti akapume kwawo, Dokotala Sampa, mkulu wa kachipatalako, anamuimitsa.

"Ambulansi yathu yafa," anatero. "Mwana uyu Ezekiel mtima wake sukugunda bwino, ndipo akumuyembekezera ku chipatala chachikulu lero lomwe. Amake sanapondepo m'tauni. Uwaperekeze mpaka pakhomo la wodi ya ana."

Towela anavomera, koma ndi pakamwa pokha.

Panja pa siteshoni, mnzake Chantelle ankamudikira m'galimoto ya bambo ake.

"Bwanji, ba dokota ba kumunzi!" anakuwa akuseka. Kenaka anaona mayi woonda uja ataima kumbuyo kwa Towela, mwana wa zaka zinayi ali kumsana, chikwama cha saka chili pamutu, patapata atamangidwa ndi waya. "Iwe, nanga aba ni bandani?"

Amake Ezekiel ananyonyomala pang'ono. "Muli bwanji, amayi?"

Chantelle anatseka mphuno ndi zala ziwiri n'kuyang'ana Towela. "Usaniuze ati bazakwela mu motoka ya ba dadi. Mipando tachapisa dzulo chabe. Ndiye vamene uphunzila kuja, kunyamula bantu monga kondakitala?"

Towela anamva manyazi ngati kuti mayiyo ndi m'bale wake. Anawatengera pa benchi yomwe inali pafupi ndi amayi ogulitsa vitumbuwa.

"Khalani apa. Mundidikire, ndibwera posachedwa."

"Zikomo, adokotala."

Atalowa m'galimoto sanacheuke. "Pakamwa ali napo," anadziuza. "Akatopa afunsa njira. Ndani sadziwa chipatala chachikulu?"

Madzulo amenewo kwa Chantelle ku Woodlands kunali phwando. Towela anasangalatsa anthu potsanzira mmene odwala a kumudzi amafotokozera matenda awo. Anagwira pamimba, kupotoza milomo, n'kumati, "Adokotala, muli chinjoka muno chikuyendayenda!" Anzake anaseka mpaka kugwetsa misozi.

Kutacha, foni yake inalira. Anali Dokotala Sampa.

"A ku wodi akuti mwana sanafike. Unawasiya kuti?"

Towela anavala zomwe anazipeza pafupi n'kuthamangira kumsewu kukagwira takisi.

Pa Intercity panali piringupiringu wa masiku onse: anyamata okokera anthu m'mabasi, mawilibala a katundu, utsi wa injini. Towela anadutsa pakati pawo akupemphera kuti apeze benchi ija ilibe munthu. Koma Amake Ezekiel anali pomwepo, pamalo penipeni pamene anawasiya. Mwana anali pamiyendo pawo atafundidwa chitenje. Towela atachivundukula, anadzidzimuka. Milomo ya Ezekiel inali itatuwa, mapazi atatupa, ndipo ankapuma mofulumira ngati wathamanga mtunda wautali.

Mayi wina wogulitsa vitumbuwa anaimirira, manja ali m'chiuno. Anamuyang'ana Towela kuyambira ku tsitsi mpaka ku nsapato.

"Ndimwe ba dokota bamene?" anafunsa. "Tinabauza aba amai ati tiyeni tikukwezeni minibasi, bakana. Ati ba dokota bakabwela sibazatipeza. Bagona pa simenti na mwana odwala. Ndiye masukulu yanu aya?" Analavula pansi n'kubwerera pa beseni lake.

"Musawakalipire," anatero Amake Ezekiel mofatsa. "Ine ndinanena kuti adokotala athu sanama. Kapena munatanganidwa ndi odwala ena, eti adokotala?"

Towela anawerama n'kunyamula mwanayo yekha, kumukumbatira pachifuwa, n'kuthamanga naye ku takisi, amake akutsatira ndi chikwama chawo.

Ku wodi ya ana, anamwino anamuika Ezekiel pa makina a mpweya nthawi yomweyo. Dokotala wa ana atamuyeza anatembenuka ndi nkhope yolimba.

"Mwanayu amayenera kufika dzulo. M'mapapo mwadzaza madzi. Munachedwa kuti?"

"Basi inatichedwetsa," anayamba Amake Ezekiel.

"Ayi," anatero Towela. "Tinafika dzulo masana. Ndine ndinawasiya pa siteshoni."

Dokotalayo anatembenukira kwa Towela. "Nkhani imeneyi ikafika ku sukulu kwanu. Za mwanayu sindingalonjeze kanthu mpaka mawa. Tulukani."

M'khonde munalibe mpando wopanda munthu. Amake Ezekiel anayala chitenje pansi n'kukhala, ndipo Towela anakhala pambali pawo, msana atatsamira khoma. Patapita nthawi, mayiyo anamasula kanthu m'chikwama chawo. Inali mbatata imodzi yootcha, yozizira, yomwe inatsala paulendo. Anainyema pakati.

"Idyani, adokotala. Mwathamanga osadya kanthu."

Towela analandira ndi manja awiri. Analuma pang'ono, maso ali pa chitseko cha wodi.