Njanji Agona Pati?

Justina anali mtsikana wa ku Katondo. Anali ndi galu. Galuyo dzina lake anali Njanji. Justina anamutola ali kamwana, pafupi ndi njanji ya sitima.

Justina ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna bedi la Njanji.

Unali mwezi wa Juni. Ku Kabwe kunkazizira kwambiri. Mphepo inkalowa pansi pa chitseko. Mphepo inkalowa ndi m'makutu momwe. Justina ankafunda bulangeti. Amayi ankafunda bulangeti. Atate ankafunda bulangeti. Njanji ankagona panja, pa fumbi.

M'mawa Njanji ankanjenjemera. Miyendo inkanjenjemera. Mchira unkanjenjemera. Ngakhale makutu ankanjenjemera.

Amayi ankamuletsa Justina kusewera pa fumbi.

"Fumbi ya kuno ni ya ku mgodi," ankatero Amayi. "Idwalitsa ana."

Koma Njanji ankagona pa fumbi lomwelo. Palibe ankadandaula. Justina yekha ndiye ankadandaula.

Tsiku lina Justina anapita ku Highridge. Anapita kukacheza ndi msuweni wake, Natalie. Nyumba ya kwa Natalie inali yaikulu. Natalie nayenso anali ndi galu. Dzina lake anali Pinki.

Pinki anali ndi bedi. Bedilo linali lofewa ngati buledi. Linali ndi pilo. Linali ndi bulangeti la maluwa. Linali m'nyumba, pafupi ndi wailesi yakanema.

"Ili ni la masana," anatero Natalie. "La usiku lili kuchipinda kwanga."

"Galu mmodzi, mabedi awiri?" anafunsa Justina.

"Ee. Nanga galu wako agona pati?"

"Pansi."

"Pansi peni-peni? Shemu," anatero Natalie momvera galuyo chisoni.

Natalie sanaseke. Koma mawu aja anamulasa Justina. Anamupatsa keke, keke inamuwawa. Anamupatsa tiyi, tiyi anamuwawa. Anabwerera ku Katondo kukamwa kuli tololo ndi mkwiyo.

Pinki sankalonda nyumba. Njanji ankalonda nyumba. Pinki sankapirikitsa makoswe. Njanji ankapirikitsa makoswe. Pinki mabedi awiri. Njanji fumbi.

Kodi zimenezo ndi zachilungamo? Justina anati ayi.

Anapita kwa Atate.

"Atate, Njanji amvera mphepo."

"Galu ni galu," anatero Atate. "Ali na ubweya."

Anapita kwa Amayi.

"Amayi, Njanji afuna bedi."

"Galu ni galu, mwana wanga," anatero Amayi. "Choka apa, nisesa."

Justina anachokapo. Koma sanasiye.

Anapita kumsika. Anapempha katoni yakale. Anaiyala pafupi ndi chitseko. Njanji ananunkhiza. Anazungulira, anazungulira, nagona.

M'mawa katoni inali itanyowa ndi mame. Nkhuku za aneba zinaijompha. Katoni inatha. Njanji ankanjenjemera.

Justina anatenga thumba la makala. Analikutumula. Analiyala pafupi ndi chitseko. Njanji ananunkhiza. Anazungulira, anazungulira, nagona.

M'mawa Njanji anali bii ngati mphika. Anayetsemula. Anayetsemulanso. Ana a aneba anaseka.

"Justina wagula galu watsopano," anatero.

Justina sanaseke. Anamusambitsa Njanji. Njanji ankanjenjemera koposa kale.

Madzulo Justina anapitanso kwa Amayi. Amayi ankatsuka mbale. Anali otopa.

"Amayi, nipatseniko nsanza."

"Za chiyani?"

"Za Njanji."

"Iwe na galu wako," anatero Amayi. "Tenga mu dengu ya nsanza, kuseri kwa chitseko. Tenga yamene ufuna. Unisiye manje."

Justina anathamangira kudengu. Pamwamba panali chitenge chopindidwa. Chinapindidwa chotembenuza, kunsi kuli kunja. Chinkaoneka chofwifwa. Chinkaoneka chakale. Chinali chofewa.

Justina sanachifunyulule. Anachiyala chopindidwa chomwecho. Njanji ananunkhiza. Anazungulira, anazungulira. Anapalasa ndi zikhadabo, monga achitira agalu onse. Kenako anagona.

Usiku umenewo Njanji anagona bwino.

M'mawa kunabwera alendo. Anali amayi a kutchalitchi. Anabwera kudzatenga Amayi, kuti akaone odwala. Onse anavala zitenge zofanana. Pa chitenge chilichonse panali nkhope ya Amayi Maria.

Patsogolo panali Amayi Mwaka, mtsogoleri wawo. Anati, "Odi kuno." Kenako anaima. Anayang'ana pansi.

Njanji anali atafunyulula chitenge chija. Chitenge chinali chitatambasuka. Sichinali nsanza ayi. Chinali chitenge cha Amayi cha kutchalitchi. Njanji anatsamiritsa mutu pa nkhope ya Amayi Maria. Ankaliza mkonono.

Amayi Mwaka anagwira pakamwa.

"Amake Justina," anaitana. "Bwerani muone vamene vili pakhomo panu."

Amayi anatuluka. Anaona. Manja awo anagwa.

"Ise tivala popemphera," anatero Amayi Mwaka. "Imwe mwafundika galu."

Amayi ena anapukusa mitu. Ena ananong'onezana. Aneba anasuzumira pampanda. Amayi anakoka chitenge chija. Njanji anagubuduka, nadzidzimuka. Anagwedeza mchira. Sankadziwa kanthu.

Amayi sanapite kukaona odwala. Analowa m'nyumba ndi manyazi. Anatseka chitseko.

Madzulo Atate anamva nkhani yonse. Anaimva kumsika. Anaimvanso panjira. Anafika pakhomo nkhope ili gwaa.

"Galu uyu watichititsa manyazi," anatero Atate. "Loweruka kubwera amalume ako a Langford. Azamutenga. Azayenda naye ku famu."

"Koma Atate..."

"Nakamba, nasiliza."

Justina anayang'ana Amayi. Amayi anayang'ana pansi.

Famu ya Amalume inali kutali. Kunalibe basi yofika kumeneko. Galu wopita kufamu sabwerera.

Justina anakhala pakhonde. Njanji anaika mutu pa miyendo yake. Mtima wa Justina unkatentha ngati mbaula.

Ndani anapempha nsanza? Justina. Ndani anati tenga m'dengu? Amayi. Ndani anaika chitenge m'dengu la nsanza? Si Njanji. Njanji alibe manja. Ndani akulangidwa? Njanji.

Kodi zimenezo ndi zachilungamo? Justina anati ayi, ayi, ayi.

Anayesa kulankhula ndi Atate. Atate anakweza wailesi. Anayesa kulankhula ndi Amayi. Amayi anati, "Osanikumbutsa." Anthu aakulu ali ndi makutu aakulu. Koma akafuna, samva.

Loweruka linafika. Amalume a Langford anabwera ndi motoka yawo. Inali motoka yakale, yotseguka kumbuyo. Kumbuyoko kunali matumba a chimanga ndi katundu wina.

"Alamu, galu ni uyu," anatero Atate.

Atate anamunyamula Njanji. Anamukweza kumbuyo kwa motoka. Njanji analira pang'ono. Anayang'ana uku ndi uku. Ankafuna Justina.

Justina anatuluka m'nyumba. Anavala juzi yake. Anavala nsapato za kusukulu. Anabereka chikwama. M'manja ananyamula bulangeti lake. Anakwera kumbuyo kwa motoka. Anakhala pa thumba la chimanga.

"Tiyeni, Amalume," anatero.

"Uyenda kuti, mama?" anafunsa Amalume.

"Ku famu."

"Seluka, Justina," anatero Atate.

"Siniseluka. Mwakamba kuti wolakwa ayenda ku famu. Ndine ninayala chitenge. Njanji sadziwa chithunzi. Njanji sayenda ku tchalitchi. Anamvera chabe mphepo."

Atate anatsegula pakamwa. Justina anawadula mawu.

"Nanga ninaba?" anapitiriza Justina. "Sininabe. Ninapempha. Ananiuza kuti tenga mu dengu. Ninatenga mu dengu."

Aneba anayambanso kusuzumira pampanda. Amalume anakanda mutu.

"Manje ninyamule angati?" anafunsa Amalume. "Mafuta yanga ni yang'ono."

Palibe anaseka. Onse anayang'ana Amayi.

Amayi anaima pakhomo. Anapukuta manja pa chitenge chawo cha kunyumba. Anayenda pang'onopang'ono. Anafika pa motoka. Anagwira chitsulo cha motokayo. Anakwera. Anakhala pa thumba lina, pafupi ndi Justina.

"Amake Justina, muchita chani?" anafunsa Atate.

"Mwana akamba zoona," anatero Amayi. "Ndine ninaponya chitenge mu dengu ya nsanza. Ninali wotopa. Ndine ninati tenga. Ngati olakwa ayenda ku famu, tiyeni tonse."

Atate anatsala okha pansi. Anayang'ana nyumba. Anayang'ana motoka. M'motoka munali mkazi wawo. Munali mwana wawo. Munali galu wawo.

"Alamu," anatero Amalume, "muzakhala na makoswe chabe."

Atate anapumira m'mwamba. Anakanda ndevu. Anakandanso.

"Selukani nonse," anatero pomaliza. "Na galu yemwe."

Amayi anatsika. Justina sanatsike.

"Azagona pati?" anafunsa.

"Justina..."

"Azagona pati, Atate? Pa fumbi?"

Atate anatembenuka kuti amutsitse Njanji. Koma Njanji sankaoneka. Anafunafuna pakati pa matumba. Anamupeza pakona.

Pakonapo panali tayala lakale la motoka. Linali losalala, lotha mano. Njanji anali atalowa m'kati mwake. Anadzipinda ngati nkhata. Mphepo sinkamufika. Mphuno yokha ndiyo inkaoneka.

"Onani," anatero Amalume. "Ise tikangana, mwine wake wasankha kale."

Amayi anayamba kuseka. Amalume anaseka. Atate analimbana nako kuseka, koma kunawagonjetsa.

"Tayala iyi muifuna, alamu?" anafunsa Atate.

"Inasila. Tengani."

Tsiku limenelo onse anagwira ntchito. Justina anatsuka tayala ndi sopo. Analitsuka kunja. Analitsuka m'kati. Analiyanika padzuwa.

Atate anabweretsa njerwa. Anaikapo thabwa pamwamba.

"Pansi pazizira," anatero Atate. "Bedi ifunika kukwera, ichoke pa fumbi."

Justina anawayang'ana. Kani Atate ankadziwa kale.

"Tiike pati?" anafunsa Atate. "Apa?"

"Apo pali mphepo," anatero Justina.

"Apa?"

"Apo padontha mame."

"Nanga apa?"

Panali pakhonde, pakona, pafupi ndi zenera la Justina. Panalibe mphepo. Panalibe mame.

"Apo," anatero Justina.

Amayi anabweretsa nsanza. Ulendo uno anazifunyulula zonse. Anayang'ana kutsogolo. Anayang'ana kumbuyo. Panalibe nkhope ya munthu aliyense. Atate anawonjezera juzi yawo yakale, yobooka m'zigongono.

Kenako Amayi ndi Justina anachapa chitenge cha kutchalitchi. Anachichapa awiri, m'beseni limodzi.

"Pepani, Amayi," anatero Justina.

"Na ine pepa, mwana wanga. Ninakhala chete pamene ninafunika kukamba."

"Nanga Amayi Mwaka?"

"Azakamba. Akalema, azaleka."

Dzuwa litapendeka, kunayamba kuzizira. Justina anaitana Njanji. Njanji anabwera. Ananunkhiza njerwa. Ananunkhiza tayala. Ananunkhiza juzi ya Atate nthawi yaitali. Analowa. Anazungulira, anazungulira, nagona.

Onse anaima pakhonde, kumuyang'ana.

Amalume anapita kumotoka yawo. Anafuna kuliza injini. Atate anathamanga, nawagwira mkono.

"Alamu, musalize pano," ananong'oneza Atate. "Muzamuutsa. Tiyeni tiikankhe mpaka pa msewu."

Atate anakankha. Amayi anakankha. Justina anakankha, akuseka chamumtima. Motoka inatuluka pageti mwakachetechete.

Pakhonde, Njanji anali m'tulo tofa nato.