Dzimbiri la Kumwezi

Zinayamba ndi khasu la a Husna. Analisiya pakhonde madzulo likunyezimira, m'mawa analipeza lili psuu, ngati lagona mumtsinje wa Domasi chaka chathunthu. Mvula inali isanagwe n'komwe.

Anthu sanachedwe kukumbukira a Makaiko, mphunzitsi wopuma, amene tsiku lina pamsika wa Songani ananena kuti mwezi ukuchita dzimbiri. Akuti ukakhala wathunthu, mpweya wa dziko lathu lino umafika kumeneko n'kumadya chitsulo cha m'miyala yake. Tsiku limenelo anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Tsopano panalibe woseka.

A Makaiko anali mkamwini. Akazi awo, a Bernadette, anali atamwalira miyezi isanu yapitayo, ndipo alamu awo, a Isaki, ankaimezera malovu nyumba yawo yamalata. Nyumbayo a Makaiko anamanga ndi thukuta lawo, koma padothi la eni, ndipo analibenso kwina kopita.

Usiku wachiwiri dzimbiri linagwira njinga ya a Alaudin. Wachitatu linagwira denga la mayi wina wamasiye.

"Akulitsitsa ndi aphunzitsi," amayi ankanong'onezana pamjigo. "Munthu angadziwe bwanji za kumwezi ngati sapitako?"

Usiku wachinayi a Makaiko sanagone. Anabisala kuseri kwa nkhokwe, mwezi uli mbee, mudzi wonse uli zii, ngakhale agalu osauwa. Anamva mapazi oyenda monyang'ama, kenako kuwaza, waa, waa, pamalata a mnansi wawo. Fungolo analidziwa: madzi a m'batire osakaniza ndi mchere. Anayatsa tochi.

"Alamu, ndinu?"

A Isaki sanathawe. Anaika chigubu pansi mwaulemu.

"Kawauzeni anthu," ananong'ona. "Tione ngati amvere mkamwini."

A Makaiko anakawauzadi, mpaka kuwaonetsa chigubucho. Anthu anangoyang'ana pansi. Ambiri anali abale a a Isaki, komanso nkhani ya mfiti yokwera kumwezi inali yokoma kuposa ya mchere. A Makaiko zinawawawa koopsa, pakuti ana a anthu onsewo anawaphunzitsa ndi iwowo.

Anachoka m'mudzimo Loweruka, atanyamula mabuku ndi chithunzi cha a Bernadette. Panalibe amene anawaperekeza.

Mwezi utakhalanso wathunthu, a Isaki anali akugona m'nyumba ija, chigubu atachitaya kalekale. Pakati pa usiku anamva padenga, waa, waa. Anatuluka, sanaone munthu. Kutacha anapeza dzimbiri mkati mwa malata, pamwamba penipeni pa bedi lawo, likuyoyokera papilo.