Muvi wa pa GPS ya a Abednego

Adrian anachoka mochedwa pabwalo la ndege la ku Kenley. Anzawo a bambo ake, azungu okalamba oulutsa ndege zopanda injini, anamusunga ndi tiyi ndi nkhani za malemuwo mpaka basi yomaliza inapita. Potsanzikana anamupatsa zomwe bambo akewo, a Abednego Phiri, anasiya m'kabati yawo ya pabwalopo: jekete, magalasi adzuwa, ndi ka GPS ka m'manja kotchipa, kosweka pakona, komwe ankakamangirira pantchafu akamauluka.

Thupi linali likadali kumochale. Mawa lake bambo ake aang'ono, a Killian, ankakasaina mapepala olitumizira pa ndege kwawo ku Chipata, chifukwa kuchipatala malemuwo anangonena kuti, “Mukandigoneke kwathu.” Achibale onse anamva Chipata. Adrian, amene anasiya koleji kuti azisambitsa bambo akewo, palibe anamufunsa. Ku Chipata anali asanapondeko. Manda akakhala kumeneko, iye azikalira kuti?

Foni inali itathima, choncho anayatsa ka GPS. Pakati pa mayina a mabwalo a ndege panali liwu limodzi la Chinyanja: KWATHU. Anaganiza kuti ndi nyumba yawo ya ku Croydon, nadina. Muvi unaloza kumanzere.

Kachipangizo ka m'ndege sikadziwa msewu, kamangoloza molunjika. Adrian anadutsa m'udzu wonyowa, analumpha ngalande, analowa m'mitengo. Kenako anaona chodabwitsa: mtunda wotsala unali waufupi kwambiri. Ku Croydon n'kutali kuposa pamenepo.

Muvi unamufikitsa pageti la manda a tchalitchi china chakale. Anaima. Mphepo inaleka.

“Kakuti mamita angati?”

Anatembenuka... Pambali pake panali bambo wamtali, wa mpata kumano, atavala kachipewa koyera ka oulutsa ndege. Mapazi ake sanawamve!

“Makumi anayi,” anayankha Adrian. “Pepani, ndinu ndani, bambo?”

“Abednego amachedwa nthawi zonse. Umuuze mpando wakutsogolo, ngati m'ndege muja, ndamusungira. Ine kumbuyo ndinazolowera.”

Bamboyo anakankha geti. Silinalire. Analowa, ndipo Adrian anamutsatira, osadziwa chifukwa chake. Makumi atatu. Makumi awiri. Udzu sunkapindika pomwe bamboyo ankaponda. Khumi... Asanu...

Kachipangizo kanalira kamodzi. Afika.

Adrian anadzutsa mutu. Anali yekha!

Anagwada. Patsogolo pake panali malo osakumba, ometedwa bwino, okwana munthu mmodzi. Pakona pake panali kachikwangwani kachitsulo kosonyeza kuti malowo ali ndi mwini kale. Anaunika ndi kuwala kwa GPS ija: A. PHIRI.

Anakhala pansi nalira, koma mantha anali atachoka. Anajambula kachikwangwaniko m'mutu mwake, mzere wake ndi nambala yake. A Killian adzabwera kudzaona okha asanagwire cholembera, ngakhale atachita kuwakoka ndi dzanja.

Ponyamuka anaunika mwala wa manda ena amene anali kumutu kwa malowo. Panali chithunzi chaching'ono chozungulira, ndi kandege kosema kamapiko ataliatali. Kachipewa koyera. Mpata kumano.

CRISPIN MWALE, wobadwira ku Katete. Anamwalira mu 2009, Adrian ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.