Dzina Pa Nyumba ya ku Chikale

Mwamva kale zimene anthu akunong'onezana kumsika, eti? Akuti anti Enelesi, namwino uja wa ku Dedza, anatuluka m'banki ku Mzuzu akuthamanga, nsapato imodzi ili m'manja. Ena akuti anapenga. Bodza! Ife timakhala moyandikana nawo ku Chikale, ndipo pamene ankafotokozera amayi anga, ine ndinali kuseri kwa windo ndikusenda chinangwa.

Nyumba yawo ija anagula ndi ngongole ya kubanki, iwo ndi amuna awo akale, a Rodrick. Mayina onse awiri anali pangongolepo. Banja litatha, khoti linati nyumba ikhale ya anti ndi mwana wawo, Takondwa. Koma a banki anati dzina la a Rodrick silingachoke eniakewo asanasaine. Anatinso malipiro a anti paokha ndi ochepa, pakufunika munthu wina wolowa m'malo.

A Rodrick kusaina? Anakaniratu! Ankabwera masanasana n'kuima pageti, manja m'thumba.

"Dzina langa likadali pamenepo, Ene. Tsiku lililonse ndingalowe. Ukadzangophonya mwezi umodzi, a banki adzakutulutsa, zovala za mwana zili pamutu."

Anti anawonda. Geti likangolira, ankagwira Takondwa n'kutseka makatani. Adzapita kuti ndi mwana, kwawo kuli kutali chonchija?

Ndiye tsiku lina pasiteji ya maminibasi mvula inawapeza. Panabwera mwamuna wamtali, a Davis, amene amagulitsa zipangizo za injini za maboti kudoko. Anawafunditsa ambulera.

"Asisi, nkhope yokongola chonchi isanyowe kawiri. Misozi yakwana, mvula ndiitchinga ine."

Anti anaseka. Aka kanali koyamba chithereni banja!

Basi mameseji anayamba. M'mawa: "Wadzuka bwanji, duwa langa la ku Dedza?" Masana: "Wadya, mtima wanga? Usandifere ndi njala." Ankabwera ndi nsomba ya batala yowamba, Takondwa n'kumubweretsera masiwiti. Nanenso ndinkawakonda, ndisaname.

Atamva za ngongole ija, a Davis anagwira dzanja la anti.

"Usaopenso, mami. Chotsa dzina la chilombocho, uike langa. Katundu wako ndi wanga. Ndikulonjeza, palibe amene adzakutulutse m'nyumba muno ine ndili moyo."

"Nanga akakana kusaina?"

"Mwamuna mnzanga ndikamba naye. Sindimudziwa, koma ndimufunafuna."

Sabata isanathe, a Rodrick anavomera! Anti anagwada pansi kuthokoza Mulungu. Koma ankakayikabe. Munthu wouma mutu uja wafewa bwanji msanga chonchi?

Apa ndikuuzeni chinthu chimodzi. Atangokwatiwa, anti anayesa kuyankhula Chitonga cha kwawo kwa amuna awowo, a Rodrick n'kuwaseka pamaso pa alamu awo. Kuyambira pamenepo sanachiyankhulenso pakhomo. Koma kuchipatala agogo odwala safotokoza matenda awo m'Chichewa, ndiye zaka zonsezi anti akhala akuchimva bwinobwino. A Rodrick sankadziwa. A Davis nawonso ayi.

Tsiku losaina, atatu onse anakhala pabenchi m'banki, anti pakati. A Davis anawapukuta thukuta pachipumi.

"Usanjenjemere, wokondedwa. Lero ukhala mfulu."

Mayi wa pabanki anaika mapepala patebulo, n'kupita kukatenga chidindo. Pompo a Rodrick anayang'ana kudenga ngati akudandaula za kutentha, n'kuyankhula m'Chitonga chapansipansi.

"Msuweni, wagwira ntchito. Dzina lako likangolowa, theka la nyumba ndi lathu."

A Davis anayankha akumwetulira, dzanja lawo likusisita phewa la anti.

"Ndimukakamiza tigulitse Khirisimasi isanafike. Wa loji wofuna kugula uja akudikira. Ameneyu abwerere kwawo akalime mbatata."

Mayo ine! Msuweni? Anthu osadziwana aja?

Cholembera chinali kale m'manja mwa anti. Kumanzere munthu amene ankawaopseza pageti, kumanja munthu amene ankawatcha duwa. Dzanja lija linali likadali paphewa, lofunda, likusisitabe.

"Saina apa, mami," anatero a Davis m'Chichewa chokoma.

Anti anaika cholembera pansi. Anayang'ana a Davis m'maso, n'kunena m'Chitonga:

"Ada, ndavwa."

Ndiye kuti, bambo, ndamva.

Dzanja linachoka paphewa ngati lagwira mbaula! A Rodrick anaimirira, maso ali psuu. Apo ndi pamene anti anathamanga, nsapato n'kuvuka pakhomo.

Madzulo ake meseji inalowa: "Duwa langa, tinkangocheza. Tsegula tikambirane." Anti sanatsegule. Analira mpaka Takondwa nayenso anayamba kulira, osadziwa chomwe akulirira.

Nyumba ikadali yawo. Koma dzina la a Rodrick likadalinso pangongole, ndipo tsopano pamsewu wathu pamadutsa amuna awiri, osati m'modzi. Anti alembera achemwali awo a ku Dedza, aphunzitsi, kuti mwina iwo alowe m'malomo. Koma nanga a Rodrick avomeranso kusaina? Geti likalira, makatani amatsekedwabe.

Dzulo ndinawaona akutaya ambulera ija kudzala. Anaima pamenepo nthawi yaitali, akuiyang'ana.

Ndiye inu amene mukuti anapenga, tandiuzeni: cholembera chikanakhala m'manja mwanu, dzanja lofunda lija lili paphewa panu, mukanatuluka mukuyenda pang'onopang'ono?